Seva ya n8n ndi pulogalamu ya maoda: ndilipire pulani iti?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe wafunsa kuti: "Ndimayang'anira za makompyuta pa kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo zaulimi. Tili ndi pulogalamu yolembera maoda ya Laravel, ndipo ili pa hosting ya cPanel. Abwana akufuna kuti kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, lisiti lizipita lokha pa WhatsApp, malipirowo azilowa mu Google Sheets, ndipo m'mawa uliwonse lipoti la dzulo lizifika pa imelo. Anzanga andiuza za n8n. Ndaona mapulani a n8n Cloud, DigitalOcean, Hetzner, AWS, Render ndi ena aulere, ndipo mutu wazungulira. Ndisankhe iti? Nanga zonse ziwiri zingakhale pa seva imodzi?"

Ndiyambe ndi yankho lenilenilo, zifukwa zibwere pambuyo. Pulogalamu ya maodayo isiyeni pomwe ili ngati ikugwira bwino ntchito. n8n, pulogalamu yolumikiza mapulogalamu ena kuti ntchito zobwerezabwereza zizichitika zokha, ipezereni VPS (seva yobwereka imene mumaiyang'anira nokha) yakeyake ya RAM ya 4GB kwa kampani ngati Hetzner kapena DigitalOcean, muikepo Docker (chida choyendetsera mapulogalamu m'makontena) ndi database ya PostgreSQL. Koma ngati pa ofesi panupo palibe wina amene angalowe mu seva ndi SSH (njira yolamulira seva uli patali) n'kukonza zinthu tsiku limene inu mwapita kumaliro kumudzi, lipirani n8n Cloud basi, imene ndi n8n yoyendetsedwa ndi eni ake pa maseva awo. Mapulani aulere aja musawaikire ntchito yokhudza ndalama za makasitomala.

Chimene chikukuzunguzani mutu n'chakuti makampaniwa amaika mitengo pa tebulo limodzi ngati kuti ntchito zonse za pa intaneti n'zofanana. Ntchito zanu ziwirizi zimadya zinthu zosiyana. Pulogalamu ya Laravel (chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti) imadzuka munthu akatsegula tsamba, imayankha, n'kugonanso. Pakati pa kasitomala uyu ndi wotsatira sipakhala chimene chikuyenda. N'chifukwa chake makampani a cPanel amatha kuika mawebusaiti ambirimbiri pa makina amodzi n'kumalipiritsa zochepa. n8n ndi pulogalamu ya Node.js imene iyenera kukhala maso usana ndi usiku. Ndi iyo imene imasunga nthawi ya lipoti lanu la m'mawa, ndi iyonso imene imadikirira pakhomo uthenga wakuti wina walipira. Ikagona, nthawi ya lipotiyo imadutsa popanda woiona. Hosting zambiri za cPanel sizilola Docker, ndipo pulogalamu yokhala maso nthawi yaitali amaizimitsa. Choncho musataye sabata kuyesa kuikankhira mmenemo.

Pa VPS, nambala yoyamba kuiyang'ana ndi RAM. Anthu ambiri amathamangira kuwerenga ma vCPU (magawo a CPU amene seva yapatsidwa), koma n8n nthawi yake yambiri imathera podikira: yatumiza pempho kwa Google, ikudikira, yatumiza kwa Meta, ikudikira. Pamenepo CPU sikugwira kanthu. Chimene chimatha ndi RAM, chifukwa workflow (mndandanda wa masitepe a ntchito imodzi) ikamayenda n8n imasunga zotuluka pa node (sitepe) iliyonse mpaka ntchito yonse ithe. Mukawerenga mizere 5,000 ya mu Google Sheets n'kuidutsitsa m'ma node asanu ndi limodzi, ndiye kuti mwanyamula mizereyo kangapo nthawi imodzi. Mukawonjezera ma PDF a malisiti, katundu akulemera. RAM ikadzaza, Linux sichenjeza munthu, imangosankha pulogalamu imene ikudya kwambiri n'kuipha, ndipo nthawi zambiri imeneyo ndi n8n. Docker imaidzutsanso, inu n'kumaona ngati zonse zili bwino, pomwe malisiti amene anali m'njira afera pakati. Seva ya 512MB iiwaleni. Ya 1GB ndi yophunzirirapo. Ya 2GB imagwira ntchito ngati simukunyamula mafayilo akuluakulu. Ya 4GB imakupatsani malo a n8n, PostgreSQL ndi Caddy (pulogalamu yolandira zochokera pa intaneti n'kuzipereka kwa n8n) popanda kumagona ndi mantha. Ma vCPU awiri ogawana ndi ena ndi okwanira. Amene amati dedicated, osagawana ndi wina, musawonongerepo ndalama pa ntchito ngati yanuyi.

Za mapulani aulere ndinene mwachidule koma momveka. Pa Render, pulogalamu ya pa pulani yaulere imagonekedwa pakapita mphindi 15 popanda woifunsa, ndipo imatenga kanthawi kuti idzuke. Kwa webusaiti yoonetsa zithunzi za katundu, zimenezo n'zopiririka. Kwa n8n ndi imfa, pakuti lipoti la m'mawa silidzatumizidwa. Choopsa china n'chakuti disk ya pa pulani yaulereyo siisunga kanthu pulogalamu ikayambiranso. n8n, mukapanda kuiuza zina, imasunga zonse mu fayilo ya SQLite pamodzi ndi kiyi wotsekera mapasiwedi anu pa disk yomweyo. Ikafufutika, ma workflow onse apita. Database yaulere ya PostgreSQL ya pa Render nayo imatha pakadutsa masiku 30. Oracle yakhala ikupereka maseva aulere a ARM okhala ndi RAM yochuluka ndithu, ndipo anyamata ambiri amaikapo n8n, koma malamulo ake amanena kuti seva yaulere imene ikuoneka yosagwiritsidwa ntchito kwa masiku asanu ndi awiri atha kuilanda. n8n ya kampani yaing'ono, imene imangodikira, imaoneka chimodzimodzi ngati seva yosagwiritsidwa ntchito. Kumbukiraninso kuti Heroku inali ndi pulani yaulere kwa zaka zambiri, anthu anamangapo zinthu zawo, ndipo mu Novembala 2022 inaithetsa. Phunziranipo n8n pa zaulerezi, palibe cholakwa. Malisiti a makasitomala okha asakhalepo.

Tsopano mawerengedwe a n8n Cloud, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa posankha. Kampani ya n8n, imene Jan Oberhauser anaiyambitsa ku Berlin mu 2019, imalipiritsa potengera kuti workflow yayenda kangati kuchokera poyamba mpaka pomaliza, kaya ili ndi ma node atatu kaya makumi atatu. Zapier, imene imagwira ntchito ngati ya n8n, imawerenga sitepe iliyonse imene yachita kanthu, ndipo Make, imene kale inkatchedwa Integromat, nayo imawerenga sitepe ndi sitepe. Tinene kuti mumalandira malipiro 40 pa tsiku. Pa mwezi ndi 1,200. Pa n8n Cloud, imeneyo ndi maulendo 1,200. Pa Zapier, ngati malipiro aliwonse amafuna masitepe atatu, lisiti, mzere wa mu Sheets ndi uthenga kwa woyang'anira sitolo, mwafika 3,600. Mu 2025 pulani yoyambira ya n8n Cloud inali pa ma euro 20 mpaka 24 pa mwezi, kutengera ngati mwalipira chaka chonse kapena mwezi ndi mwezi, ndipo inkalola maulendo 2,500. Ndiye kuti kwa inu ikukwana, malo n'kutsalako.

Msampha uli pa Schedule Trigger, node yoyambitsa workflow pa nthawi yoikika. Munthu amaganiza kuti, ndiike kuti pakapita mphindi zisanu zilizonse n8n izikaona ngati pali malipiro atsopano. Werengani: maulendo 12 pa ola, 288 pa tsiku, 8,640 pa mwezi. Workflow imodzi yokha, imene nthawi zambiri sipeza kanthu, yamaliza pulani yoyambira pasanathe masiku khumi. Pa seva yanuyanu palibe amene akuwerenga zimenezi, n'chifukwa chake anthu amene ntchito zawo n'zofunsafunsa chonchi amathera pa VPS. Koma njira yabwino pa mapulani onse ndi webhook: wolandira ndalamayo akuuzeni yekha pamene wina walipira, m'malo moti inu muzipita kukafunsa. Makampani olandirira malipiro, kuphatikizapo PayChangu ya kwathu konkuno, amatumiza ma webhook.

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa kamangidwe ka ntchito yanu ndi kamene kanganene kuti mufunika pulani yodula kapena yotchipa. Uthenga wakuti kasitomala walipira usamafikire pa n8n. Uzifikira pa Laravel. Laravel itsimikize kwa wolandira ndalamayo kuti malipirowo ndi enieni, iwalembe mu database yake, kenako ndi pamene iziuza n8n kuti tumiza lisiti. n8n ikamaliza, ibweze yankho, Laravel ichonge kuti lisiti lapita. Mukamanga chonchi, buku la ndalama ndi limodzi, ndipo lili mu pulogalamu ya maoda. n8n ndi mthenga chabe. Ikafa kwa ola limodzi, palibe tambala imene yasowa. Malisiti amene sanachongedwe amatumizidwa ikadzuka. Mukachita mosemphanitsa, kuti n8n ndiyo ilandire uthenga wa malipiro n'kukalemba mu Laravel, ndiye kuti mphindi iliyonse imene seva ya n8n yagwa ndi kasitomala amene walipira koma oda yake ikuoneka yosalipidwa. Pamenepo mudzayamba kufuna maseva awiri, database yoyang'aniridwa ndi kampani, ndi zina zodula zimene ntchito ya malipiro 40 pa tsiku siifuna. Dziwaninso kuti ma webhook nthawi zina amabwera kawiri pa malipiro amodzi. Laravel izikana nambala ya malipiro imene yaiona kale, apo ayi kasitomala alandira malisiti awiri, ndipo mu Sheets ndalama zioneka zochuluka kuposa zimene zili ku banki.

Ndiye tikamanga choncho, VPS yotchipa ikwanira. Tiyeni tiione mitengo monga inalili mu 2025. Tsiku lolipira muionenso, chifukwa imasintha. DigitalOcean inkalipiritsa madola 6 pa mwezi pa seva ya 1GB, madola 12 pa ya 2GB, ndi madola 24 pa ya 4GB yokhala ndi ma vCPU awiri ndi disk ya 80GB. Hetzner ya ku Germany inkapereka ma vCPU awiri, 4GB ndi disk ya 40GB pa ma euro osafika asanu, ndi data yotuluka yokwana 20TB pa maseva ake a ku Ulaya. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo si kuti ya Hetzner ndi yachinyengo. Iwo ali ndi nyumba zawozawo za maseva ku Nuremberg, Falkenstein ndi Helsinki, ndipo sakupatsani zokometsera zambiri. Chimene mungakumane nacho n'chakuti polembetsa nthawi zina amafuna chiphaso, ndipo akhoza kukana akaunti yatsopano. DigitalOcean ndi yodulirapo, koma malangizo ake olembedwa ndi abwino kwambiri kwa munthu amene akuyamba kumene, ndipo chimenecho chili ndi mtengo wake. Musasokoneze Hetzner ya ku Germany ndi imene inkadziwika ndi dzina lomwelo ku South Africa. Ya ku South Africa ndi kampani ina, ndipo kuyambira 2019 imatchedwa xneelo.

AWS, Azure ndi Google Cloud sindikukulangizani pa ntchito iyi, ndipo si chifukwa chakuti n'zoipa. Vuto lake n'lakuti bilu yake ndi ya zidutswazidutswa. Sevayo ili ndi mtengo wake, disk mtengo wake, data yotuluka mtengo wake, ndipo kuyambira Febuluwale 2024 AWS imalipiritsanso adiresi ya IPv4 iliyonse, pafupifupi madola 3.60 pa mwezi. Data yotuluka ku dera la AWS la ku Cape Town ndi yodula kuposa ya ku America kapena ku Ulaya. Maseva ake ang'onoang'ono a mtundu wa T amayendera ngongole ya CPU: ukagwiritsa ntchito kwambiri kwa nthawi yaitali, amakuchepetsera liwiro kapena kukulipiritsa zowonjezera, kutengera mmene unatchera. Kampani yokhala ndi gulu la akatswiri imazidziwa zonsezi. Inu muli nokha, ndipo abwana akufuna kumva nambala imodzi imene sisintha mwezi ndi mwezi. VPS wamba imakupatsani nambala imeneyo.

Palinso makampani amene amalengeza VPS ya n8n yoikiratu pa mtengo wokopa kwambiri. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Kawirikawiri mtengowo ndi wa munthu amene walipiriratu miyezi 24, ndipo nthawiyo ikatha mtengo wopitiriza umakwera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikuti musagule, pakuti kulipiriratu kuli ndi ubwino wake umene nditchule pansipa, koma poyerekeza mitengo gwiritsani ntchito mtengo wopitirizirawo. Komanso "yoikiratu" ikutanthauza tsiku loyamba lokha. Kuika matembenuzidwe atsopano, kusunga backup ndi kutseka makomo ndi ntchito yanube.

Nanga seva ikhale dziko liti? Apanso ntchito ziwirizi zikusiyana. n8n imalankhula kwambiri ndi maseva a Meta ndi Google, osati ndi anthu. Lisiti likachedwa ndi kachigawo ka sekondi palibe angadziwe, choncho Frankfurt, Nuremberg kapena London zili bwino. Pulogalamu ya maoda ndiye imagwiritsidwa ntchito ndi makalaliki a ku Lilongwe, ndipo tsamba lililonse limapita n'kubwera kangapo pakati pa kompyuta yawo ndi seva. Mtunda umamveka pamenepo. Tsiku limene mudzafune kuichotsa pa cPanel, yang'anani za ku South Africa: Azure inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, AWS ku Cape Town mu 2020, Oracle ku Johannesburg mu 2022, Google Cloud ku Johannesburg mu 2024, ndipo Vultr, imene mitengo yake ikufanana ndi ya DigitalOcean, ilinso ndi malo ku Johannesburg. DigitalOcean ndi Hetzner alibe malo mu Africa. Koma musakhulupirire mapu okha. Malawi alibe nyanja yamchere, intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo, ndipo njira imene netiweki ya ofesi yanu imatenga kupita ku Johannesburg ikhoza kukhala yokhotakhota. Ma VPS amalipiridwa pa ola. Tsegulani imodzi ku Johannesburg ina ku Frankfurt, muyese ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita n'kubwera) muli pa ofesi, pa Airtel ndi pa TNM, kenako muzifufute, pakuti seva yongozimitsidwa imalipiritsidwabe. Mwawononga ndalama zosakwana dola imodzi, ndipo mwapeza yankho la ofesi yanu.

Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka, intaneti inavuta kum'mawa kwa Africa, Malawi yemwe. Tsiku ngati limenelo seva ya ku Ulaya imakhala ili bwinobwino, koma mauthenga ochokera kuno amachedwa kapena kutayika m'njira. Palibe pulani imene ingakutetezeni ku zimenezo. Chokutetezani ndi ntchito ya usiku uliwonse yoyerekeza malipiro a kwa wolandira ndalama ndi amene ali mu Laravel, kuti zosowa zioneke m'mawa. Iyi ndi Schedule Trigger yoyenera, ulendo umodzi pa tsiku.

Ena adzakuuzani kuti muike n8n pa kompyuta yakale ya mu ofesi. N'zotheka, ndipo Cloudflare Tunnel, chida cholumikiza kompyutayo ku intaneti, imathandiza pomwe netiweki yanu ilibe adiresi yoonekera kunja. Koma ndiye kuti malisiti adalira magetsi, batire, rauta ndi munthu wosesa amene angazule chingwe. Ine sindingachite.

Tifike pa nkhani imene matebulo a mitengo sailemba: kodi mudzatha kulipira mwezi uliwonse? Kwathu kuno funso limeneli ndi lalikulu kuposa la RAM. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Bilu ya madola 24 sinasinthe, koma makwacha ake anakwera usiku umodzi. Pamwamba pake pali kusowa kwa ndalama zakunja: khadi la banki limene linalipira mwezi watha likhoza kukanidwa mwezi uno. Makampani a maseva sadziwa za mavuto athuwa. Khadi likakanidwa amatumiza maimelo, kenako amaimitsa seva, ndipo mukapitirira osalipira amafufuta zonse. Choncho musanasankhe, pitani ku banki ya kampani mukafunse malire a khadi pa malipiro akunja. Sankhani kampani imene imalola kuikiratu ndalama mu akaunti, ndipo pamene khadi likugwira ikani za miyezi ingapo. Apa ndi pamene kulipiriratu chaka kumakhala kwanzeru, ngakhale kumakumangani. Apanso ndi pamene kusiyana kwa ma euro asanu ndi madola 24 kumakula: ndalama zakunja zochepa n'zosavuta kuzipeza. Makampani a kuno amene amagulitsa VPS m'makwacha ndi njira yabwinonso, bola muwafunse kuti seva yeniyeniyo ili kuti, ngati akupatsani root (mphamvu zonse pa sevayo), ndiponso kuti backup amaisunga kuti.

Akauntiyo ilembedwe ndi imelo ya kampani, ndipo abwana kapena akawuntanti akhale ndi njira yolowera. Zimachitika kawirikawiri kuti seva imalembedwa pa Gmail ya mnyamata wa makompyuta, iye n'kupeza ntchito kwina, maimelo ochenjeza za bilu n'kumapita kwa munthu amene salinso pa kampanipo.

Funso lanu lachiwiri, loti zonse zikhale pa seva imodzi. N'zotheka, ndipo pa 4GB zonse zikhoza kukwana. Sindikukulangizani pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi RAM ija: workflow imodzi yolakwika, yowerenga fayilo yaikulu kapena yozungulira osatha, ikhoza kudzaza seva n'kugwetsa database ya MySQL ya maoda pakati pa tsiku, alimi ali pa mzere. Chachiwiri ndi chitetezo. n8n imasunga makiyi a WhatsApp, Google ndi imelo ya kampani, ndipo ili ndi node yolembamo code imene imayenda pa seva pomwepo. Wolowa mu n8n walowa pafupi ndi database ya makasitomala. Wolowa kudzera pa bowo la Laravel walowa pafupi ndi makiyi. Kuzilekanitsa kukudyerani ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi tsokalo. Ngati ndalama zakanikadi, ziikeni m'makontena osiyana a Docker, n8n muiikire malire a RAM kuti ikadzaza ife yokha. Tsamba lolowera mu n8n musalisiye poyera kwa dziko lonse; njira za webhook zokha ndi zimene zifunika kuonekera kunja. Ndipo matembenuzidwe atsopano muziika mwezi uliwonse, mutayamba mwasunga backup, chifukwa mabowo a chitetezo amapezeka mu n8n monga mu pulogalamu ina iliyonse. Ntchito imeneyi ndi imene mukugula mukalipira n8n Cloud. Ma euro 24 kuyerekeza ndi asanu akuoneka ochuluka, koma kusiyanako ndi malipiro a munthu woyang'anira seva, ndipo ndi ochepa.

Pa backup, DigitalOcean ndi Hetzner onse amawonjezera pafupifupi 20 peresenti ya mtengo wa seva kuti azikusungirani chithunzi cha disk yonse. Lipirani. Koma musalekere pomwepo. Mu Malichi 2021 moto unatentha nyumba ya maseva ya OVHcloud ku Strasbourg, ndipo makasitomala ena amene backup zawo zinali pamalo omwewo anataya zonse. Kwa ife choopsa chapafupi si moto, ndi akaunti yotsekedwa chifukwa cha khadi, ndipo akaunti ikatsekedwa backup za mkati mwake simuzifikira. Usiku uliwonse tulutsani database ndi pg_dump (chida chokopera database ya PostgreSQL), muitumize kwa kampani ina, Backblaze B2, Cloudflare R2 kaya Google Drive ya kampani. Kiyi wotsekera mapasiwedi uja, N8N_ENCRYPTION_KEY, mumuike nokha poyamba pomwe, ndipo mumusunge padera. Popanda iye, database mungaibweze koma mapasiwedi onse a mkati mwake sangatseguke, muyambiranso kulumikiza chilichonse. Kamodzi, musanauze abwana kuti zatheka, tsegulani seva yatsopano ya ola limodzi muyese kubwezeretsa zonse. Backup imene simunaiyese simukudziwa ngati ilipo.

Malonjezo a 99.9 peresenti musawatengere kumtima. Amatanthauza kuti seva ikhoza kugwa mphindi 43 pa mwezi popanda kuphwanya pangano, ndipo akaliphwanya amangokubwezerani kagawo ka bilu, osati malonda amene mwataya. Pa seva imodzi yaing'ono, chimene chidzaigwetse kawirikawiri ndi disk yodzaza kapena RAM, osati kampaniyo. Ikani chida ngati UptimeRobot chizikuuzani pa foni ikagwa.

Pali tinthu tingapo timene timavutitsa tsiku loyamba. n8n yoika wekha imaganiza kuti ili ku New York mpaka utaiuza zina. Mukatchera lipoti la 7 koloko m'mawa osasintha GENERIC_TIMEZONE kukhala Africa/Blantyre, abwana adzalilandira 1 koloko kapena 2 koloko masana, kutengera nyengo ya ku America. WhatsApp Cloud API ndi Google onse amafuna adiresi ya HTTPS yokhala ndi dzina, osati manambala a IP. Pangani subdomain pa dzina la webusaiti ya kampani, Caddy idzatenga yokha satifiketi yaulere ya Let's Encrypt n'kumaikonzanso ikamatha. Makampani a VPS ambiri, Hetzner ndi DigitalOcean omwe, amatseka port 25, khomo lotumizira maimelo, kwa akaunti zatsopano poletsa maimelo achinyengo, ndiye lipoti lizituluka kudzera pa Gmail kapena kampani yotumiza maimelo. Mauthenga a WhatsApp amene kampani imayamba kutumiza kwa kasitomala Meta imawalipiritsa padera, m'madola, ndipo pa malisiti 1,200 bilu imeneyo ikhoza kupikisana ndi ya seva. Iikeni mu bajeti imodzimodzi musanapite kwa abwana.

n8n imasunga mbiri ya ulendo uliwonse, ndi manambala a foni ndi ndalama zimene zinadutsamo, kwa masiku 14 musanasinthe. Zimenezi zimadzaza disk, komanso ndi zinsinsi za anthu zimene zili pa seva ya kunja. Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, MACRA ndiye woliyang'anira, ndipo limakhudza kutumiza zinsinsi za anthu kunja kwa dziko. Liwerengeni ndi loya wa kampani. Kumbali yanu, tumizani ku n8n zokhazo zimene lisiti likufuna, dzina, nambala ya foni, ndalama ndi nambala ya oda, ndipo itcheni kuti isamasunge mbiri ya maulendo amene ayenda bwino, izisunga olephera okha. Dziwaninso kuti chilolezo cha n8n, Sustainable Use License, chimakulolani kuigwiritsa ntchito ulere pa ntchito za mkati mwa kampani yanu, koma sichilola kuti mutsegule seva n'kumagulitsa n8n kwa makampani ena ngati malonda anu. Ndikunena chifukwa ambiri akaidziwa bwino ganizo limeneli limawabwerera.

Mudzawerenga za queue mode, Redis ndi ma worker angapo, njira yogawira ntchito za n8n kwa mapulogalamu angapo. Zimenezo ndi za pamene ma workflow ambiri akuyenda nthawi imodzi n'kumadikirirana, ndipo pa malipiro 40 kapena 400 pa tsiku simunafikepo. Yang'anirani RAM ndi disk kwa mwezi woyamba. Ngati RAM imakhala pamwamba pa magawo atatu mwa anayi nthawi zambiri, kwezani seva kupita pa 8GB, zimene pa DigitalOcean ndi Hetzner ndi ntchito ya mphindi zochepa: kuzimitsa, kusankha kukula kwina, kuyatsa. Pokweza sankhani njira yokulitsa RAM ndi CPU zokha osakhudza disk, chifukwa disk ikakula siibwereranso pansi, ndipo mudzakhala womangika pa mtengo wapamwambawo.